Kompyuta Yoimba ya Aphungu

Makompyuta aja anafika pasukulu pathu, kunsi kwa phiri la Michesi ku Phalombe, zisankho zili pafupi. Anali akale, otayidwa ndi eni ake kunja, koma aphungu athu ankawatchula ngati agula ndi thukuta lawo. Ine ndinali mphunzitsi wa masamu wochokera ku Dedza, ndipo poti ndinagwirako kompyuta kukoleji, aHedi anandipatsa kiyi wa chipinda chosungiramo makompyutawo.

AHedi athuwo anali munthu wonjenjemera ndi galimoto iliyonse ya magalasi akuda. Anandiitana muofesi nati, "Aphunzitsi, Loweruka aphungu akubwera kudzapereka mphatsoyi. Akadzadina batani, kompyuta idzaimbe nyimbo ya kwaya yathu. Mukatichititsa manyazi, kunyanja ya Chilwa kuli sukulu yosowa wa masamu." Sankaseka. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo kumeneko kuti ufike kuchipatala umayamba wakwera bwato, kenako njinga.

Makinawo ankayendera pulogalamu yotchedwa Linux, osati zija tinazolowera. Ndinalumikiza masipika, zii. Ndinatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo n'kulemba aplay -l, lamulo louza makina kuti atchule zida zake zotulutsa mawu. Yankho linali mzere umodzi: palibe khadi ya mawu. Ndinayesa lspci, londandalika zonse zili m'mimba mwa kompyuta. Za zithunzi zinalimo, za netiweki zinalimo, za mawu ayi. Ndinamasula chivundikiro n'kusuzumira. Waya wochokera ku timabowo ta masipika unangolendewera, ndipo pamalo pa khadiyo panali fumbi lokhalokha. Onse anali chimodzimodzi.

Nditawafotokozera, aHedi anakanda chibwano ngati katswiri. "Koma mwayesa kukweza voliyumu?"

Kalanga ine! Munthu wa digiri ameneyo. Ndinati, "Abwana, mbuzi yopanda m'mero simungaiuze kuti ilire mokweza. Tingowauza aphungu zoona, makinawa ndi abwino polembera basi."

"Zoona? Kwa Olemekezeka? Mutu wanu ukugwira?"

Nzeru yawo inali iyi: wailesi ya kaseti, muli nyimbo ya kwaya ija, kunsi kwa tebulo, tebulolo n'kuliphimba ndi nsalu ya chipani mpaka pansi. Wachiwiri wawo, bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, anavomera kukhala pambali, dzanja lili kunsi kwa nsalu.

Loweruka aphungu anafika mochedwa, monga mwa nthawi zonse. Anadina batani ndi chala chawo chonenepa, ndipo ine ndinaona kuti adina lolakwika, koma kwaya inaimba ndithu. Amayi ochokera ku Nazombe analulutira mpaka malata kunjenjemera. Aphungu analengeza kuti Phalombe tsopano yafanana ndi Ulaya. Kenako anatembenukira kwa aHedi. "Yoimbayi ikwezeni m'galimoto. Izikaimba pamisonkhano yanga."

Ndinawayang'ana aHedi, poganiza kuti apa pokha atsegula pakamwa. Anaomba m'manja, thukuta lili kamukamu, n'kuinyamula okha pachifuwa ngati khanda. Wailesi inatsala kunsi kwa tebulo.

Pamsonkhano woyamba kompyuta inangoti duu pamaso pa khamu lonse, anyamata a chipani china akuwooza. Aphungu atafunsa chomwe chachitika, aHedi sanachedwe. "Ndi mphunzitsi uja wa ku Dedza. Si wathu ameneyo. Ndinamuona ndi maso angawa akuitsegula m'mimba." Pamenepo pokha sananame, ndinaitseguladi. Mkulu wa mpingo uja anagwedezera mutu, osanena kanthu za dzanja lake.

Kalata yondisamutsa itabwera, tinasamukira kunyanja ya Chilwa kuja mvula itayamba, katundu ali pangolo. Mkazi wanga sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Matenda a uchembere anamuyamba madambo a mpunga atasefukira. Asodzi anapalasa ndi mphamvu zawo zonse, koma mwana anabadwira m'bwato, mtunda tikuuonera patali. Mayi wina amene tinali naye anamunyamula, n'kumusisita kumsana. Ndinatchera khutu. Zii.

AHedi anatumiza uthenga wopepesa, wolembedwa bwino pa imodzi mwa makompyuta aja.