Sipika Iliyonse ndi Ampu Yake

Neba wanga wokonza mawayilesi ali ndi masipika asanu pabalaza, iliyonse ndi ampu yakeyake yokwezera mawu. Amati akagawana ampu imodzi, phokoso lalikulu limameza mawu aang'ono. Ine sindinyengerera munthu. Ndinamuuza kuti kumeneko n'kudzionetsera.

Sanakwiye. Anaika filimu n'kundikhazika pafupi ndi mkazi wake, amene maso anafa ndipo anali atasiya kukhala nawo pa filimu poti sankatsata nkhani. Mfuti zikulira kutsogolo, mayiwo analoza kumbuyo kwanga, komwe kunali sipika ina.

"Bambo a mwana, wina akunyang'ama uko."

Ife openyafe sitinadziwe kanthu mpaka chigawenga chinatulukira mufilimumo.

"Nanga akulu," anandifunsa mwamunayo, "ndichotse ampu iti?"

Pomwepo mayiwo anatikalipira kuti tikhale chete, akuonera.