Mabandeji amene amayi anachapa

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, ku Woolwich kuno kutsidya la nyanja, tiyi wa folo koloko amayendera limodzi ndi sewero lakalekale la pa TV. Ndi la madokotala a asilikali ali kunkhondo. Amang'amba munthu pamimba uku akuponyerana nthabwala, kenako kumamveka phwete la anthu osaoneka. Okalamba athu amaseka mpaka misozi. Ine ndimatolera makapu n'kutuluka. Zimandinyansa, sindibisa. Mwana wanga akuti ndi sewero chabe. Ndiye inu obadwira kuno, tamverani.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, kwathu ku Angonia, ku Mozambiki. Tinkakumba mbatata ya kachewere. Mfuti zinalira cha kusukulu. Bambo anathamangira kukhola kukatsegulira ng'ombe, ndipo sitinawaonenso. Ife tinathawira kudambo, khasu likadali m'manja.

Chipolopolo chinamupeza mkulu wanga Estere m'munsi mwa bondo. Sanalire. Anangokhala pansi n'kumayang'ana mwendo wake. Amayi anamubereka ngati khanda, mtsikana woti anali atatomeredwa kale.

Tsiku lachiwiri tinaona tenti ya mtanda wofiira. Kwathu mtanda unkatanthauza chipatala cha mishoni, ndiye tinalunjika komweko. Kupusa kwake! Anali asilikali.

Amayi anagwada n'kuomba m'manja. Dokotala wa pamenepo ankadya nsomba za m'chitini, akucheza ndi anzake. Anati mankhwala ndi a asilikali okha, koma amayi akachapa mabandeji akale aona chochita. Anawalozera beseni. Linali lodzaza, ntchentche zili bii.

Amayi anachapa kumtsinje kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, popanda sopo. Ine ndinkayanika pazitsamba. Estere anagona padzuwa. Atadzikoka kuti apite pamthunzi, mmodzi wa anzake a dokotala uja anayamba kumuyeseza, enawo n'kumafa nako kuseka. Anthu ophunzira, eti!

Madzulo dokotala uja anatola imodzi mwa nsalu zomwezo, isanaume n'komwe, n'kukulunga balalo. Sanasambe m'manja. Ankanunkha nsomba. Amayi anathokoza kawiri, ali chigwadire. Kuthokoza kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Tinayendanso masiku atatu. Fungo la balalo linayamba tsiku lachiwiri. Amayi sanamutsitse Estere kumsana, kupatula pokamwa madzi.

Tinaoloka msewu wa m'malire cha ku Dedza m'mawa. Mayi wina wogulitsa tomato anatikweza pangolo yake mpaka kuchipatala. Namwino anamasula nsalu ija pang'onopang'ono, n'kupita kukaitana dokotala.

Mwendo anaudula pamwamba pa bondo. Dokotalayo anati chinauononga si chipolopolo koma nsaluyo. Ananena amayi ali pomwepo.

Estere ali moyo. Amasoka zovala ku Dedza komweko, ndipo ali ndi zidzukulu zinayi. Amayi anakhalanso zaka makumi awiri, ndipo anamwalira akunenabe kuti iwo ndi amene sanachape bwino.