Ngalande ya mayi aang'ono

Ndikukumbukira dzinja limene nthaka ya kwathu inayamba kuyenda. Ndinali kamtsikana kongophunzira kusenza mtsuko, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri kufupi ndi Massangulo. Munda wa mayi anga unali kumunsi, wa mng'ono wawo, mayi aang'ono, unali kumtunda kwake.

Chaka chimenecho kapitawo wa thonje la atsamunda anabwera ndi chingwe, nayeza munda wa mayi aang'ono, nalamula kuti mitengo yonse igwe ndipo udzu usaoneke. Thonje likakanika, mwini munda ankamenyedwa m'manja ndi thabwa lotchedwa mbalamatodya, mwamuna wake n'kutengedwa kukakumba msewu. Choncho mvula itayamba kuzula mbewu, mayi aang'ono anakumba kangalande kuti madzi azidutsa pambali. Kanali kakang'ono, ndinkakalumpha ndi mwendo umodzi. Koma kanaloza m'munda mwathu.

Kumapeto kwa munda wathu, patsinde pa msuku, panagona mlongo wanga. Anamwalira asanatuluke m'chikuta, dzina alibe, ndipo mwa mwambo anaikidwa ndi amayi okhaokha m'kadzenje kosazama. Chizindikiro chinali phale lovundikira basi. Mayi polima ankalambalala pamenepo.

Mvula iliyonse ngalande ija inkadya. Madzi ankatsika ofiira, akununkha dothi, miyala ikugubuduka pansi pake. Pofika pakati pa dzinja chinali chigwembe, ndikalowamo mutu sunkaoneka, ndipo khoma lake linkagumukira cha kumsuku.

Mayi anakwera kumtunda, ine pambuyo pawo.

"Tseka ngalande yako, mng'ono wanga. Madzi ako akupita kwa mwana."

Mayi aang'ono sanaweramuke n'komwe pakhasu. "Ndikatseka thonje limira, achemwali. Manja akatupewo ndi anu kodi? Bambo a m'nyumba akatengedwa, mudzandilimira ndinu?"

"Ndi mwana wakonso amene uja."

"Wagonayo samva kuwawa. Ine ndimamva."

Mayi anangotembenuka. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi iwo tinkatuta miyala, kukhoma zikhomo, kuunjika mathunthu a nthochi pafupi ndi msuku. Khosi linkandiphwanya, zikhatho zinasupuka. Madzi akabwera ankaima pang'ono ngati akutiseka, kenaka n'kuboola pansi, n'kudutsa.

Tsiku lina mvula itakata tinapeza msuku utapendekera, mizu ili m'mwamba. Pamene panali phale panali phompho. Mayi anatsikira m'chigwembe, n'kumatsatira mchenga mpaka kudambo, akufukula ndi manja. Anapeza kachidutswa ka phale kokha, nakamanga pansonga ya nsalu. Sanalire mokweza, poti khanda lotere salilira maliro. Ndinkangomva mpweya wawo.

Thonje lija linapulumuka chaka chimenecho. Chaka chotsatira munda wa mayi aang'ono unatsala miyala yokhayokha, ndipo kapitawo anangopinda chingwe chake n'kukayeza phiri lina. Mayi ndi mng'ono wawo sanapemphanenso mchere kapena moto.

Lero ndili ndi mwana wanga kumbuyo, ndimalima cha ku Mandimba kuno. Mvula ikangokata sindiyambira kumunsi. Ndimakwera kumutu kwa munda, kufunafuna kamzere ka madzi kochepa ngati chala, n'kukakwirira ndi chidendene, n'kubzalapo nsenjere. Madzi amawagwira akadali ana. Ife tinkalimbana nawo atakula kale, n'chifukwa chake anatigonjetsa.

China ndinachimvetsa mochedwa, ndipo n'chimene chimandiwawa. Mayi anadana ndi munthu amene anali pamwamba pawo pang'ono chabe, wamantha ngati iwo omwe. Mwini chingwe, amene anagwetsa mitengo, palibe anamufikira ndi liwu limodzi.

Chigwembe chija chikadalipo, anthu amachizungulira popita ku misa. Mwana wangayu akadzandifunsa kuti amalume ake anagona pati, ndidzangoloza dambo lonse.