Njinga Imene Agogo Anakana Kukwera

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Yotamu, ndimamva fungo la chinangwa choviika chimene tinkayanika pathandala kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Benga, fungo lowawasa lokanirira m'malaya mpaka kutchalitchi. Agogo anali mkulu wa mpingo, munthu wamtali, wodziwa Malemba, komanso wouma mutu ngati chitsa. Kuuma mutuko ndinatengera ndine.

Ndili mwana, bambo anga anamira panyanja ndipo mtembo wawo sunapezeke. Misozi isanaume, kudera kwathu kunafika munthu wovala mkanjo woyera, wolankhula mofatsa, amene ankati ndiye Khristu ndipo wabweranso. Ankati dziko latsala pang'ono kutha, kotero kulima n'kutaya nthawi ndipo kupita kuchipatala n'kumunyoza iyeyo. Anamanga misasa kumapiri a kumadzulo, n'kulonjeza ofedwa kuti kumeneko akaonana ndi abale awo.

Agogo anachenjeza mayi anga mpaka mawu kusasa. "Esinati mwana wanga, Ambuye akamadzabwera sipadzafunika munthu wotiuza. Aliyense adzaona yekha. Uyu ndi wonyenga."

"Bambo, ine ndikungofuna ndikawaone bambo a ana anga," anayankha mayi. Anabereka mlongo wanga wakhanda n'kupita, ine n'kundisiya ndi agogo.

Mvula itayamba, oyandikana nafe, Che Saidi, Msilamu wogulitsa usipa, anabwera akukankha njinga yawo. "A Yotamu, ndamva kuti ana akudwala malungo kumisasa kuja. Kwerani, tikamutenge mwana wanu ndi mdzukulu."

"Tinachenjezedwa kuti akadzatiuza kuti Khristu ali kuchipululu, tisadzapiteko," anatero agogo. "Phazi langa silikaponda pamalo a wonyenga. Anapita yekha, abwera yekha."

"Simukukapembedzatu, akulu. Mukukatenga mwana."

Agogo anatenga khasu, ine n'kusenza mitengo ya chinangwa, tinapita kukabzala m'munda wa mayi. Tinkalima m'mawa uliwonse, matope akutimata m'miyendo, achule akulira m'dambo la mpunga, agogo akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ankati dziko likamatha litipeze tili ndi khasu m'manja. Koma ndinkawaona: akafika kumapeto kwa mzere, ankaima n'kuyang'ana njira yochokera kumapiri, nthawi yaitali.

Pomaliza Che Saidi anapita okha. Anabwerako atakweza mayi kumbuyo kwa njinga, mayiwo ataonda, milomo itang'ambika, nsalu yoberekera ili m'manja. Mlongo wanga anali atamwalira ndi malungo. Munthu wa mkanjo uja anawaletsa mayi kulira, amvekere mwanayo adzuka. Mwana sanadzuke. Anamuika m'tchire popanda nyimbo, ndipo mwini mkanjo anathawira cha ku Dwangwa osaonekanso.

Ndinkayembekezera kuti agogo anena kuti, "Ndinakuuza." Iwo anangokhala pansi padothi, munthu amene sankakhala popanda mpando, n'kugwira mapazi a mayi, amene anali otupa. "Wonyenga ndinamuzindikira," anatero, "koma njira yopita kwa mwana wanga ndinaikana."

Chinangwa chija chinabereka kwambiri, ndipo chinatidyetsa pamene mabanja ena ochokera kumisasa ankagona ndi njala. Agogo ankadya pang'ono. Mpaka imfa yawo ankachenjezabe mpingo za akhristu onyenga, koma motsitsa mawu, ndipo njinga ya Che Saidi ikamadutsa ankaweramitsa mutu. Ndinkawakonda, ndipo ndinawakwiyira zaka zambiri. Zonse ziwirizi zikadali mumtima mwanga.

Masiku ano aneneri achuluka, ali m'matenti, pawailesi ndi m'mafoni, ena akugulitsa madzi m'mabotolo. Mwana wanga wamkazi, amene sakupeza mphatso ya mwana m'banja, wayamba kupita kwa mmodzi wa iwo, amene amadzitcha mpulumutsi wa m'badwo uno. Mawu a mneneriyo sindiwakhulupirira ngakhale amodzi, ndipo ndikamumva akukuwa, magazi a agogo amawira mwa ine. Komabe Lamlungu lililonse, ndikatuluka kutchalitchi kwathu, ndimapalasa njinga mpaka patenti paja, n'kuima pakhomo kudikira kuti ndibwerere naye mwana wangayo.