Mzati wa pakhomo langa

Ndinaganiza zopita ku Halale tsiku limene mtanda wa pamwamba pa khomo unathyoka n'kugwera apongozi anga aakazi. Sanafe ayi, koma anafupika. Ndikulumbira, anabwera ali munthu wamtali, pobwerera ankayang'anizana m'maso ndi nkhuku. Mkazi wanga Asiyatu anapinda mphasa n'kuwatsatira. "Mukadzamanga nyumba yosagwera anthu, mudzandiitane," anatero. Ndinakatenga chitupa kuboma ku Kotakota, ulendo.

Ku Halale ndinalembedwa ntchito ndi mmisiri wina, Mtaliyana, womanga makomo okhota ngati uta, opanda mtanda. Masamu sankachita. Ankakoloweka unyolo pa misomali iwiri, n'kuusiya ulendewere mmene ukufunira, n'kujambula kukhota kwakeko pathabwa, kenako n'kulitembenuza chadodolido. Njerwa zinkatsata mzere umenewo. Ankati chimene chalendewera bwino chimaimanso bwino ukachitembenuza. Unyolowo ndinaunyamula mpaka unandizolowera; ine ndikadwala, iwo unkachita dzimbiri. Ndinalibenso mnzanga wina. Ndalama za Asiyatu ndinkapatsira anthu obwerera kumudzi, koma yankho linali lomwelomwelo: "Akuti nanga nyumba?"

Nditabwerera kwathu ku Chia ndinaumba njerwa. Unyolo kunalibe, ndiye ndinalendeweretsa chingwe chonyowa cha khoka, ukonde wophera nsomba. Khomo linaima njo! Ndinakwera pamwamba pake n'kuvina, thumba la mpunga lili pamutu.

Asiyatu anabwera ndi atsibweni ake, a Bwanali. Onse maso m'mwamba.

"Akamwini, chagwira njerwazi n'chiyani?" anafunsa a Bwanali.

"Zagwirana zokha, bambo."

"Ife apachibale sitigwirizana, ndiye njerwa?"

"Ine sindilowa," anatero Asiyatu. "Kwathu wafupika kale mmodzi."

Ndinafotokoza za unyolo mpaka kukhosi kuuma gwa. Anthu inu! M'mawa mwake a Bwanali anabwera ndi mzati n'kuuzika pakati penipeni pa khomo. Sunafike n'komwe kunjerwa, panatsala mpata woti buluzi n'kudutsa ataimirira. Asiyatu anaugwedeza mzatiwo, anakhutira, n'kulowa chammbali ndi mphasa yake.

Chaka chomwecho chiswe chinaudya kunsi. Poopa kuti mkazi angapindenso mphasa, ndinaumangirira ndi waya kunjerwa zam'mwamba. Mpaka lero khomo ndi limene lanyamula mzati. Alendo amaugogoda n'kunena kuti a Bwanali anapulumutsa banja lino, Asiyatu n'kuvomera. Inenso ndimavomera, uku ndikusisita phewa limene ndimagunditsapo tsiku lililonse.