Mwana Amene Sankalira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera amalume, amene ankaphikira mzungu wina kumayadi. Sukulu ya mishoni ndinali nditasiya chifukwa cha mimba, ndipo mwanayo, Yosefe, anali atayamba kuyenda. Bambo ake anakwera sitima ya ku Joni osatsanzika. Amalume sanandinyengerere. "Dona akufuna wolera mwana. Upita, kapena uzingodya za anthu?"

Ndinapita. Yosefe ndinkamusiya kwa aNaphiri, oyandikana nafe kulokeshoni ya Makokoba, amene ankafulula mowa mobisa.

Mwana wa Dona anali Pita, wamsinkhu umodzi ndi wanga. M'nyumba imeneyo zonse zinkamvera wotchi. M'mawa kumukhazika pa poti, afune asafune. Kenako phala ndi supuni ya mafuta a nsomba. Matewera ndinkawawiritsa mu ndowa, kuwayanika, n'kuwasita ndi simbi ya makala kuti mphutsi zife. Dzuwa lisanakule ndinkamuyendetsa papulemu mumthunzi. Masana ankagona, makatani atatsekedwa, neti itatsitsidwa. Madzulo kusamba, ndipo madzi ndinkawayesa ndi chigongono. Kumubereka kumbuyo kunali koletsedwa.

Ndinkati ndi misala ya anthu osowa chochita. Koma maso ndinali nawo. Pita ankadziwa chobwera. Akamva madzi akuthiridwa m'bafa ankayamba yekha kulimbana ndi nsapato zake. Ankadya bwino, ankagona popanda nkhondo. Zinkandiwawa kuvomereza.

Loweruka ndinkaweruka msanga, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinkamupeza Yosefe ali maso. Loweruka lina Dona anaitana anzake kudzamwa tiyi. Anamutulutsa Pita kuti alendo amuone, anamudyetsa keke, nthawi yogona n'kudutsa. Pofika madzulo mwana uja anali wina. Ankakuwa, kudziponya pansi, mpaka anandiluma pamkono. Dona anandipeza kubafa nditanyowa thupi lonse.

"Waona? Mwana akaphonya nthawi yake tsiku limodzi amasokonezeka. Usachoke mpaka agone."

Wophonyetsa anali iye, koma wotsala ndinali ine.

Ndinafika ku Makokoba nyali zitayatsidwa. Kwa aNaphiri kunali kutadzaza amuna a kunjanji.

"Mayi, Yosefe ali kuti?"

"Yang'ana kuseriko. Koma mwanawe, uli ndi mwayi. Mwana wakoyu savuta. Salira n'komwe!"

"Wadya?"

Anaganiza kaye, chikho chili m'manja. "Ndikhulupirira mnzanga MaDube anam'patsa kanthu."

"Wadya nafe, mlamu!" anatero woledzera wina, anzake n'kuseka.

Ndinamupeza kuseri kwa mgolo, atakhala padothi, akunyambita masese m'chitini. Atandiona sanakweze manja kuti ndimunyamule. Anangondiyang'ana monga ankayang'anira aliyense wodutsa, n'kubwerera kuchitini chake.

Ndinali nditangochoka kwa mwana amene anang'amba nyumba chifukwa chomanidwa tulo kamodzi. Ameneyo ankalira chifukwa ankadziwa choyenera kubwera, ndiponso kuti wina abwera nacho. Wanga analibe choti adikire. Chakudya chinkabwera pamene munthu wakumbukira, tulo tinkamupeza pamene wagwera. Analira mpaka anaona kuti n'zopanda ntchito, ndiye anthu n'kumutcha mwana wabwino.

Lolemba sindinapite. Amalume anabwera atakwiya. "Wapenga? Wandichititsa manyazi kwa Dona. Udya chiyani?"

Ndinayamba kuchapira amuna a kunjanji maovololo. Soda wochapira anandidya manja, ndipo masiku ena tinkagona ndi tiyi yekha. Wotchi ndinalibe, komabe Yosefe ndinamuikira nthawi zake. Huta yoitana antchito a kunjanji ikalira m'mawa, phala. Mthunzi ukalowa pansi pa khonde, kugona. Utsi wa madzulo usanadzaze lokeshoni, kusamba m'beseni lochapira lomwelo. Sindine munthu wodekha, ndipo kwa miyezi ndinkaona ngati ndikudzivutitsa chabe.

Tsiku lina nkhuni zinanyowa, phala linachedwa. Huta italira, Yosefe anabwera ndi mbale yake, anaona kuti mulibe kanthu, n'kuiponya pansi. Anakuwa mpaka aNaphiri anasuzumira. "Wam'wononga mwana uja," anatero. Ine ndinangopitiriza kuuzira moto, ndikumvetsera.

Dona sananame. Mwana amafunadi kuti lero lifanane ndi dzulo. Chimene sananene n'chakuti nthawi sizidzisunga zokha, pamafunika munthu wozisunga. Yosefe anali naye mmodzi yekha, ndipo tsiku lililonse munthuyo ankakhala kumayadi, akuyesa madzi a mwana wa eni ndi chigongono.