Dontho Loyamba la A Sadontheza

A Sadontheza anakalambira pamakwerero. Dzinalo anawapatsa ndi anthu amene iwo ankawapentera nyumba, chifukwa mkuluyu ankatha kupaka siling'i yonse atavala malaya oyera, n'kutsika opanda ndi kadontho komwe. Manja atayamba kunjenjemera, penti inawagwera pakapeti ya eni ake. Tsiku lomwelo anapachika mabulashi chifukwa cha manyazi.

Mwana wawo wamkazi ankaphunzira zojambula kukoleji. Atapempha galaja kuti azikonzeramo chithunzi cha mayeso, bambowo anavomera mtima uli mbee. Magazi awo amenewo!

Tsiku lina m'mawa bambowo anasuzumira m'galajamo. Mayo ine! Chinsalu chachikulu chinali pansi, penti yofiira, yakuda ndi yachikasu ili mbwee, mizere yapiringizana ngati padutsa nkhuku. "Wagwetsa zitini mwanayu, akuopa kunena," anadziuza, chisoni chitawagwira. Anatenga penti yoyera n'kugwada, dzanja lina litagwirira linzake, mpaka chinsalu chonse chinayera.

Mwanayo atabwera anaima pakhomo n'kuyang'ana pansi.

"Ababa, chithunzi changa chili kuti?"

"Chithunzi chiti? Ndakufufutira zotayika zija. Yamba bwino tsopano."

"Chimenecho ndiye chinali chithunzicho! Aphunzitsi akuchifuna mawa. Ndikapanda kupereka, chaka chonse chapita m'madzi."

"Iwe, unadontheza dala?"

"Dala, ababa," anayankha misozi ili chuchuchu. "Timaviika kamtengo m'chitini n'kumazungulira nsalu, penti izigwa yokha. Bulashi sikhudzapo n'komwe."

A Sadontheza anakhala pachitini. Iwo moyo wonse kuthawa dontho, kukolejiko anthu akuchita kulowa m'kalasi kukaphunzira kudontheza! Koma chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti mwana wawo amuphera tsogolo ndi manja awo omwe.

Mwanayo anapukuta misozi, n'kukhudza chinsalu chija. Chinali chitauma. Anatsegula zitini, n'kuwapatsa bambo ake kamtengo.

"Ndekha sindimaliza. Gwirani."

"Manja angawa amanjenjemera, mwanawe."

"Ndikufuna omwewo."

A Sadontheza anaviika kamtengoko ngati akuba. Dzanja linagwedezeka. Dontho lakuda linagwera pakati penipeni pa kuyera kuja, tho! Asanaganize n'komwe anawerama kuti atole kansanza apukute, koma mwanayo anali atakaponda kale, ndipo phazi sanalisunthe.